Sheba ndi Simenti ya Mkamwini Wanga

Nkhani ya galu wa mwana wanga yafika poti ndiiwongole ndekha, chifukwa amene akuikamba pa bawo ku Zakazaka akuisenzetsa katundu amene inalibe. Ena akuti ndinamunong'oneza galuyo mawu a Chizulu m'khutu. Ena akuti ndinakwirira kanthu pakhonde. Mkulu wina, amene sanapondepo n'komwe pakhomo pathu, analumbira kuti anandiona ndikumwetsa galu madzi otsukira sutikesi yanga ya ku Joni. Chizulu changa ndi chogulira buledi ndi kufunsira njira, ndipo galuyo sanapiteko ku Joni kuti akachimve. Ine ndinafika Folomu Folo m'masiku amene munthu wofika kumeneko ankadziwika mudzi wonse, ndipo aphunzitsi athu a sayansi ankati chinthu ukachiona uchilembe, ukatero ufunse chifukwa chake. Zimene ndinachita ndi zomwezo. Ndizifotokoza mwa dongosolo lake, ndipo pofunika kutchula mkodzo ndiutchula, pakuti nkhani yake ndi ya mkodzo.

Ku Joni ndinapita ndili bambo kale, imvi zitayamba kuonekera m'mbali mwa makutu. Ntchito ya ukalaliki imene ndinkagwira muno mu Zomba inatha pamene ofesi yathu inasamuka n'kusiya ena a ife m'mbuyo. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Tiyamike, anali atangosankhidwa kupita ku sekondale. Mkazi wanga anandilongedzera ufa, chiponde ndi Baibulo, ine n'kuikapo satifiketi yanga m'envulopu yolimba. Basi inadutsa ku Mwanza, inatiwotcha ku Tete, inatigwedeza m'Zimbabwe monse, ndipo njira yonseyo envulopu ija ndinali nditaipanira pachifuwa. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko palibe anaifunsa.

Ndinafikira m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu wina, m'mene tinkagona amuna asanu ndi mmodzi, tonse a ku Malawi. Wamkulu wathu m'menemo anali Che Saidi, Myao wa ku Machinga, amene sukulu analekezera Sitandade 2 koma mzindawo ankaudziwa ngati munda wake. Ataona envulopu yanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene a Folomu Folo, pepala lanulo liikeni pansi pa matiresi lisanyowe. Kuno funso ndi limodzi: makina otchetchera kapinga mumawatha?"

"Sindinawagwirepo."

"Mukanene kuti munabadwa nawo m'manja. Mawa ndikusonyezani pokoka chingwe."

Dzina lija linandikakamira mpaka tsiku lobwerera. Che Saidi ndi amene anandiphunzitsa kukwera sitima popanda kuoneka mlendo, ndi amenenso anandifunditsa jekete lawo m'nyengo yozizira yoyamba, pamene ndinazindikira kuti chisanu cha pa phiri la Zomba ndi mwana chabe. Anandipezera ntchito ya m'dimba kwa mayi wina wachizungu, wamasiye, amene m'nkhani ino ndingomutcha Adona.

Adona anali ndi kagalu kaubweya, dzina lake Oska. Chimene chinandidabwitsa sabata yoyamba si kukula kwa nyumba. Chinali chakuti galu ankagona m'nyumba, pa bulangete lake, ali ndi mbale yake ndi dokotala wake, koma m'nyumbamo simunkamveka fungo. Kwathu galu ndi wa panja, ndipo palibe amafunsa kumene amadzithandizira. Ndinkaima ndi khasu m'manja kumamuyang'ana Oska. M'mawa uliwonse chitseko chikatsegulidwa ankathamangira pansi pa mtengo wa mandimu, kuzungulira kawiri, n'kukhala. Akadya, pomwepo. Akadzuka ku tulo ta masana, pomwepo. Ndinkadzifunsa kuti anamuuza ndani, ndipo anamuuza m'chilankhulo chanji.

Yankho ndinalipeza patapita zaka. Adona miyendo itayamba kuvuta anagulitsa nyumba ija n'kusamukira m'nyumba zosanjikizana, pamwamba ndithu, kopanda dimba. Ine anandisunga kuti ndizisesa, kukagula zinthu ndi kuwakwezera katundu. Tisanathe sabata, Oska, galu wa zaka zisanu ndi zitatu amene sanalakwepo, anayamba kukodza pa kapeti ya kuchipinda. Mwana wa Adona anati galuyo wakalamba, akangomubaya jekeseni agone. Adona analira, kenaka anaitana mayi wina amene ntchito yake inali yophunzitsa agalu. Ndinadabwa kuti ntchito yotero iliko, ndipo munthu amafika nayo pa galimoto.

Mayiyo sanamukalipire galu. Anayamba wafunsa ngati dokotala wamuyeza, pakuti matenda a m'chikhodzodzo amachititsanso zomwezo. Atamva kuti ali bwino, anatembenukira kwa ine.

"Kunyumba yakale ankapita pati?"

Ndinati pa kapinga, pansi pa mandimu.

Anandiuza kuti ndivule nsapato, ndiponde pa matailosi a pakhonde, kenaka ndiponde pa kapeti, n'kundifunsa kuti pofanana ndi kapinga ndi pati. Ndinachita manyazi kuti funso losavuta chotero sindinalifunse ndekha. Anati galu chimbudzi chake amachidziwa ndi mapazi ndi mphuno. Akaphunzira ali mwana kuti malo ake ndi ofewa ndi omwa madzi, amafunafuna ofewa ndi omwa madzi moyo wake wonse. Tsiku lotsatira anabwera ndi bokosi lodzala kapinga wamoyo n'kuliika pakhonde. Ntchito yotsalayo inagwera ine: kumutulutsa Oska nthawi zake, kumupatsa kanyama akachita bwino, kusamumenya akalakwa, ndi kutsuka polakwapo mpaka fungo litheretu. Zonse ndinkazilemba m'kope.

"Folomu Folo yonse ija," anatero Che Saidi ataliona kopelo, "kuti mudzakhale kalaliki wa mkodzo wa galu. Mukalembe kalata kumudzi kuti ntchito ya mu ofesi mwaipeza."

Tinaseka tonse m'kachipindamo. Koma Oska sanabayidwe jekeseni, ndipo anakhala zaka zina zinayi.

Za zaka zotsatira sindichulutsa. Tiyamike anamaliza sekondale, anapita ku yunivesite, anapitanso kunja kukawonjezera, ndipo zonsezo ndinkaziona pa zithunzi. Panali masiku amene alendo tinkasakidwa m'misewu, pamene ine ndi Che Saidi tinakhala sabata yathunthu osatuluka, tikudya phala lopanda shuga ndi kukangana za Yesu ndi Mtumiki kuti nthawi ipite. Mkazi wanga anamwalira ine ndili komweko. Ndinafika ataikidwa kale, ndinaona manda, n'kubwerera. Pomalizira Adona anatengedwa kupita kunyumba yosungira okalamba, ntchito inatha, ndipo mawondo anga anandiuza kuti yakwana nthawi. Che Saidi anandiperekeza ku basi. Anati iwo abwera chaka chamawa, monga ankanenera chaka chilichonse.

Nyumba ya ku Zakazaka ndinapeza mukukhala abale a malemu mkazi wanga. Malowo anali a kwawo, ine ndinali mkamwini, ndipo sindinafune milandu. Tiyamike, amene tsopano amaphunzitsa ku yunivesite, ananditengera kunyumba kwake ku Sadzi, m'munsi mwa phiri. Mwamuna wake, a Makwinja, ndi munthu wa mu ofesi ya boma, wofatsa, wa mawu ochepa, wokonda zinthu zoyalana bwino. Anandilandira ndi ulemu wonse. Bwalo lawo linali simenti yokhayokha kuyambira pa geti mpaka kuseri kwa khitchini, yoyera ngati mbale. Pabalaza panali kapeti yochindikala, yoti phazi limamira. Ndipo pa kapetipo panagona galu.

Anali galu wamkazi, wofiirira, wa makutu ogwa, dzina lake Sheba. Tiyamike anamulandira kwa mnzake wa ku ntchito, mzungu amene anabwerera kwawo, ndipo anali atakhala naye zaka zinayi. Ana awo ali ku sukulu zogonera komweko, choncho galuyo ndi amene ankamulandira pa geti tsiku ndi tsiku. Ndinaona mwana wanga, amene anakula akugenda agalu ndi miyala ngati ana onse, akumupukuta galu mapazi ndi kansalu. Ndinangodziuza kuti si ine ndekha amene ndinapita kutali.

Tsiku lachiwiri nditafika, pa kapeti panapezeka ponyowa. Tsiku lachitatu, penanso.

"Sanachitepo zimenezi," anatero Tiyamike. "Zaka zinayi, ababa, ngakhale kamodzi."

A Makwinja anachita zimene aliyense kuno amachita. Anamugwira Sheba pakhosi, kumukhudzitsa mphuno ponyowapo, n'kumukwapula ndi silipasi. Ndinawauza mwaulemu kuti galu sagwirizanitsa chikwapu cha tsopano ndi mkodzo wa ola lapitalo. Chimene amaphunzira ndi chakuti munthu ndi woopsa. Anandiyankha kuti, "Zikomo bambo," monga amayankhira akafuna kupitiriza zimene akuchita. Sheba anaphunziradi. Anasiya kukodza poonekera n'kuyamba kukodza kuseri kwa sofa, pamene kapeti inalowa pansi.

Lamulungu lililonse potuluka ku tchalitchi kunkabwera amayi a a Makwinja, asewere anga, mayi wa thupi ndi wa mawu, wodziwika m'bungwe la amayi a mpingo. Lamulungu lachiwiri anakhala pa sofa, kununkhiza mpweya, n'kuyang'ana galu, kenaka n'kuyang'ana ine.

"Asewere, galuyu anayamba liti zimenezi?"

"Akuti nditangofika."

"Eya. Mutangofika." Anamwa tiyi. "Nyama zimaona zimene ife sitiona. Ine sindikunena kanthu. Kungoti anthu a ku Joni amabwera ndi zambiri. Ena mawailesi, ena mabulangete, ena zina."

"Ine ndabwera ndi mawondo otupa ndi makope atatu."

"Sutikesi ija ndi yaikulu kuposa makope atatu."

Ndinawapempha kuti akaitsegule okha. Anakana, amvekere zoterozo sizioneka ndi maso. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mlandu umene ndikuimbidwa ndi wopanda khomo lotulukira. Sabata isanathe, mayi wogulitsa nthochi pa geti anasiya kundipatsa moni wa m'manja.

Tiyamike anabwera kuchipinda kwanga Loweruka masana. Anakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali pa zala zake.

"Ababa, ine zimenezo sindizikhulupirira. Mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Koma m'nyumba muno mulibe mtendere. Apongozi akuimba foni tsiku lililonse. Ndapeza kachipinda kabwino ku Zakazaka, ka magetsi, pafupi ndi anzanu akale. Mwezi ukatha mukakhaleko pang'ono, zinthu zizizire."

Ndinadziwa kuti "pang'ono" wotero sakhala ndi tsiku lobwerera. Ndikanachoka, galu n'kusintha pa chifukwa china chilichonse, dzina langa likanatha. Akanapanda kusintha, akanati ndasiya kanthu. Ndinakhala zaka zonse zija m'kachipinda ka malata kuti mwana ameneyu adzakhale ndi nyumba, ndipo sindinafune kukafera m'kachipinda kena. Komanso, ndinene zoona, funso lenilenilo linali litandigwira: galu wa zaka zinayi zopanda banga amasintha bwanji m'sabata imodzi?

"Mwezi watsala ndi masabata anayi," ndinatero. "Undipatse galuyo."

Choyamba ndinamuuza kuti apite naye kwa dokotala wa ziweto. Anabwerako ndi mawu akuti Sheba alibe matenda. Chachiwiri ndinatenga kope ndi kukhala pakhonde masiku awiri, osachita kanthu koma kuyang'ana. Ndinalemba kuti sakodza pa simenti yofiira ya m'khitchini, kapena pa matailosi a m'khonde la m'kati. Ndi pa kapeti pokha. Ndinalembanso chinthu chimene onse ankachiona koma osachiwerengera. M'mawa uliwonse Sheba ankalira pachitseko monga galu wophunzitsidwa bwino. Akamutsegulira ankathamangira pa ngodya ya mpanda kuseri kwa khitchini, kununkhiza simenti, kuzungulira, kukanda ndi phazi, kuyang'ana kumwamba ngati munthu amene wapeza sitolo yake yasanduka tchalitchi. Ankatha kuzungulira bwalo lonse katatu. Kenaka ankalowa m'nyumba.

Tiyamike ataweruka ku ntchito ndinamulozera ngodyayo.

"Apa panali chiyani?"

"Kapinga. Bwalo lonseli linali kapinga, apo panali mtengo wa gwafa." Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi: Sheba atagona pa msipu wobiriwira.

"Simentiyi inaikidwa liti?"

"Amisiri anamaliza kutatsala masiku awiri kuti mufike. Masiku amene ankagwira ntchito galu tinakamusungitsa kwa anzathu, tinakamutenga tsiku lomwe tinakakuchingamirani." Anaseka pang'ono. "Bambo a kunowa ankati apongozi akuchokera ku Joni, asadzapeze matope. Kapetinso anagulira inu."

Asewere anali atalondola pa chinthu chimodzi: vutoli linabwera chifukwa cha kubwera kwanga. Linalowa pa geti ndi ulemu wa mkamwini wanga, m'matumba a simenti.

Madzulo a tsikulo ndinawafotokozera a Makwinja zonse, za Oska, za mapazi ndi mphuno. Ndinapempha kuti tigumule kachigawo kakang'ono pa ngodya ija tidzalepo kapinga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa mawondo.

"Bambo, simenti imeneyi sinathe mwezi. Ndiigumule chifukwa galu sakuikonda?"

"Kachigawo chabe."

"Anthu adzati chiyani? Amayi adzati chiyani?" Anapukusa mutu. "Pepani bambo. China chilichonse chitani, koma nyundo ayi."

Inali nyengo ya chilimwe, kapinga wa m'tauni atauma ngati tsache. Wobiriwira anali pamwamba pa phiri la Zomba pokha. Ndinanyamuka m'mawa ndi khasu laling'ono ndi matumba awiri, kukwera pang'onopang'ono, kupumira pa mwala uliwonse waukulu. Ndinali ndisanakwereko chipitireni ku Joni, ndipo ndinapeza mitengo yambiri imene ndinaisiya itapita, koma mphepo yake inali yomweyo. Ndinadutsa ogulitsa sitiroberi m'mbale zawo, n'kupeza msipu wabwino m'mbali mwa kamtsinje. Ndinadula zigamba zinayi pamodzi ndi dothi lake. Bambo wina wotsitsa nkhuni pa njinga anavomera kundinyamulira pamwamba pa mtolo wake. Anandifunsa ngati ndikuweta akalulu. Nditamuuza zoona anangoti, "Kaya, madala," n'kupitiriza kukankha njinga yake.

Ndinakhoma bokosi la matabwa, lotalika ngati chitseko, n'kuliika pa ngodya pomwe panali gwafa, kuyalamo kapinga ndi kuthirira. Kapeti ndinaitulutsa. Tiyamike ankaitsuka ndi sopo wonunkhira maluwa, amene amanamiza mphuno ya munthu yokha. Ine ndinaikhutiza viniga, kuwazapo soda, kuitsukuluza, n'kuiyanika pa mpanda masiku atatu, kenaka n'kuipinda ndi kuiika m'chipinda chosungira katundu. Ndinaletsa zomuponyera Sheba makombo nthawi iliyonse. Anayamba kudya kawiri pa tsiku, pa nthawi yake. Ndinatenga chingwe, mbali ina pa lamba wa galu, mbali ina pa lamba wa thalauza langa. Kumene ndinkapita ankapita. M'thumba la malaya ndinkasunga matemba ouma a ku Chilwa, opanda mchere.

Tsiku loyamba ndinapita naye pa bokosi m'bandakucha. Ananunkhiza, anaponda ndi phazi limodzi n'kulichotsa, anandiyang'ana. Ndinayang'ana kuphiri ngati sindikumuona, pakuti galu amene anamenyedwapo amaopa kukodza munthu akumuyang'ana. Tinaima mpaka miyendo yanga inachita dzanzi. Sanachite kanthu. Ndinabwerera naye m'nyumba, osamumasula, ndipo patapita kanthawi tinapitanso. Ulendo wachinayi ndi pamene anakwera ndi mapazi onse, kuzungulira kawiri, n'kukhala. Asanatsike n'komwe, temba linali kale pakamwa pake.

Kuyambira pamenepo inali ntchito ya wotchi: akadzuka, akadya, akasewera, ndi pakati pake maola awiri aliwonse. Anthu odutsa pa geti ankaona nkhalamba itamangirirana ndi galu, itaima pambali pa bokosi la udzu, ikulemba m'kope. Sindikuwadzudzula kwambiri pa zimene anaganiza. Tsiku lachisanu ndinalakwitsa ndine. Nditadya masana ndinamumasula n'kuwodzera pa mpando, ndipo podzuka ndinapeza wanyowetsa kachiguduli kopondapo pa khomo la bafa. A Makwinja anali atatenga kale silipasi.

"Ikani pansi, apongozi. Wolakwa ndi amene anagona. Ngati mukufuna kumenya, ndili pano."

Anandiyang'ana, n'kuvala silipasi yawo.

Sabata yachiwiri chingwe ndinachichotsa. Sheba anayamba kupita yekha pa bokosi, n'kubwera kudzandigunda bondo ndi mphuno kufuna temba lake. Kumayambiriro kwa sabata yachitatu tinabwezeretsa kapeti pabalaza. Anainunkhiza mbali zonse, anagonapo, ndipo itakwana nthawi anadzuka n'kukalira pachitseko. Masiku anayi, asanu, kapeti ili youma. Ndinaganiza kuti mlandu watha.

Asewere atabwera Lamulungu anapita okha kukaona bokosi lija. Anaima patali, manja ali kumbuyo.

"Udzu umenewu unachokera kuti?"

"Kuphiri."

"Kuphiri. Wokatenga anali yekha?" Anatembenukira kwa mwana wawo. "Waona? Womanga ndi amene amadziwa pomasulira. Ife tinalephera tonse, iwo masabata awiri basi. Ukufunanso umboni wina?"

Pa zonse zimene ndinakumana nazo m'moyo, kuphatikizapo apolisi a ku Joni, sindinaonepo msampha wolukidwa bwino chotero. Galu akalakwa, ndine. Galu akachira, ndine. Tiyamike analowa kuchipinda. Lachitatu lake ndinaona kiyi wachilendo pa tebulo, womangidwa ndi kachingwe kofiira, ndipo sindinafunse kuti ndi wa kuti. Ndinayamba kupinda malaya anga.

Loweruka lomaliza la mwezi ndinadzuka m'mawa monga mwa masiku onse kuti ndimutsegulire Sheba, koma ndinapeza a Makwinja ataima pa chitseko, atavala ovolosi imene sindinaidziwe, mawondo ali matope.

"Bambo, lero galu musamutsegulire. Khalani pakhonde. Ndatuma galimoto ikatenge amayi."

Nditatuluka ndinaona kuti bokosi langa palibe. Pa ngodya ija anali atatsukapo ndi madzi ambiri, simenti ili mbee. Mbali ina ya bwalo, pafupi ndi thanki ya madzi, panali lata lakale litagonekedwa pansi, pamwamba pake zigamba za kapinga zodulidwa mokhotakhota, ndi dzanja losazolowera khasu.

"Bokosi lanu ndakalisiya kwa mnzanga ku Masongola," anatero. "Uyu ndakumba ndekha m'mawa uno kuseri kwa ofesi yathu, pamene pamadontha mpopi. Inu simunamukhudze, simunadziwe n'komwe. Ndikufuna ndione ndi maso anga."

Ndinawalemekeza mumtima mkamwini wanga m'mawa umenewo, ngakhale kuti mantha anandigwira. Galu anali atazolowera ngodya ija masabata atatu. Kumusinthira malo tsiku limodzi, mayi wa ku Joni uja sakanalola. Koma ndikanatsutsa, akanati ndikuteteza bokosi.

Asewere anafika, anapatsidwa mpando pakhonde. A Makwinja anandipempha matemba a m'thumba mwanga n'kuwaika m'mbale pa kampando, pafupi ndi amayi awo. Anandiuza kuti ndipinde manja ndipo ndisatchule dzina la galu. Chitseko cha pabalaza anachisiya chotsegula, kapeti ikuonekera. Kenaka Tiyamike anamutulutsa Sheba.

Anathamangira pa ngodya yakale. Ananunkhiza, anazungulira, anakanda simenti. Anabwera kwa ine n'kundigunda bondo; ine ndinayang'ana denga. Anabwereranso pa ngodya, akulira pang'ono. Kenaka anatembenuka n'kulunjika ku chitseko cha pabalaza, ndipo ndinamva asewere akukoka mpweya. Anaika mapazi awiri pa khomo. Anaima pamenepo, mchira uli pansi, nthawi imene kwa ine inatalika kuposa ulendo wa ku Tete. Kamphepo kanatsika kuchokera kuphiri. Mphuno yake inagwedezeka. Anabwerera chambuyo, anayenda m'mbali mwa khoma, mutu uli pansi, mpaka pa thanki. Lata linalira pamene anapondapo, ndipo anadumphira kumbali. Anabwereranso, anaponda pa kapinga ndi phazi limodzi, kenaka onse. Anazungulira kawiri.

Kenaka anakhala n'kukodza. Atatsika anathamangira pakhonde kufuna malipiro ake, ndipo mphuno inamutsogolera kumene kunali mbale.

"Asewere," ndinatero, "ine andiletsa kumasula manja. Mphoto ikachedwa, phunziro limatayika."

Anayang'ana galu, anayang'ana mwana wawo. Anatola temba limodzi ndi nsonga za zala n'kuliponya pansi.

"Udzu ndi udzu, eti," anatero, osayang'ana munthu. "Nanga inu a Makwinja, simenti yonseyi munkaikiranji? Ine ndinanena kuti bwalo lopanda dothi si bwalo."

Sindikukumbukira kuti ananenapo zimenezo, koma tsiku limenelo ndinalola kuti cholakwa chimodzi chidutse osachiwongola.

Tiyamike anatenga kiyi wa kachingwe kofiira pa tebulo n'kumuika m'chikwama chake, amvekere akamubweza ku Zakazaka popita kumsika. A Makwinja analowa mosungira katundu n'kutulukamo ndi nyundo yaikulu imene amisiri anaiwala. Anakaima pa ngodya pamene panali gwafa.

"Bambo, tigumule kuyambira pati?"

Ndinadzuka n'kukayeza ndi mapazi anga. Galu ankafunika mapazi asanu ndi limodzi uku ndi uku. Ndinayeza amenewo, kenaka ndinawonjezera anayi cha kudzuwa, n'kulemba mzere ndi khala.

"Enawa ndi a chiyani?" anafunsa.

"Mpiru ndi tomato," ndinatero. "Tomato amatenga miyezi itatu, ndipo amafuna munthu womuthirira tsiku lililonse."

A Makwinja anayang'ana mzerewo, analavulira m'manja, n'kukweza nyundo.